Mfuti M'chiuno, Baibulo M'manja

 Inu amene mwakhala pamsika pambali pa mulu wa nanazi, inu a kabaza amene mukudikira makasitomala pamthunzi, ndi inu agogo amene mwatsamiritsa wailesi pakhonde, tiyeni tikhale pamodzi kwa kanthawi.

Nkhani yathu lero ndi ya mfuti. Ya msilikali kapena ya wapolisi, imene aliyense amaiona ili paphewa, tiisiye kaye pambali. Ine ndikunena kamfuti kakang'ono kaja, pisitolo, kamene munthu wamba amakalowetsa m'chiuno, n'kuphimba ndi malaya kapena jekete, kenako n'kumayenda nako kumsika, m'minibasi, kumaliro, ngakhale kutchalitchi Lamulungu m'mawa, popanda woyandikana naye kudziwa kanthu.

Ndikudziwa kuti ena mukufunsa kale kuti kodi kwa Chambe kuno ku Mulanje ali ndi pisitolo ndani. N'zoona, si ambiri. Koma maganizo ake afika kale, ndipo chinthu chisanalowe m'thumba chimayamba chalowa m'mutu. Ana athu amene amabwera kuchokera ku Joni pa Khirisimasi amasimba za masitolo amene mwini wake amagulitsa buledi mfuti ili pansi pa kauntala. Pa foni timaona makanema a ku America, amuna ovala bwino akuphunzitsana momwe angabisire mfuti kuti isaonekere pansi pa suti ya kutchalitchi. Ndipo tikakhala pa bawo madzulo, mawu akuti "ine nditakhala ndi mfuti sangandiyambe" samveka achilendonso ngati kale.

Munthu amene amanena mawu amenewa sitiyenera kumuseka. Taganizirani mnyamata wa Airtel Money kapena Mpamba amene amatseka kakontena kake dzuwa litalowa, ndalama za anthu zili m'kachikwama, kwawo kuli kuseri kwa minda ya tiyi. Taganizirani wogula nandolo pa nyengo yokolola, amene mudzi wonse ukudziwa kuti wasenza ndalama zambiri lero. Kapena msungichuma wa mpingo pambuyo pa Pepa Sande, chopereka chonse chili m'manja mwake, banki sitsegula mpaka Lolemba. Anthu awa mantha awo ndi enieni. Achifwamba akafika usiku, polisi imakhala patali, ndipo mukaimba foni pamatenga nthawi kuti thandizo lifike. Amene anagonekedwapo pansi chafufumimba, ana ake akuona, pamene anthu osawadziwa akusakatula m'nyumba, sadzaiwala usiku umenewo mpaka kufa. Akamalankhula za mfuti, amalankhula kuchokera pabala.

Tiyambe ndi zimene lamulo limanena, chifukwa ambiri amangomva za m'maluwa. Lamulo loona za mfuti m'dziko muno linakhazikitsidwa mu 1967, nthawi ya Kamuzu, ndipo m'mabuku a malamulo limatchedwa Firearms Act. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti munthu wamba sangakhale ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso chochokera ku polisi. Chiphasocho chimakhala cha munthu amene walembedwayo ndi mfuti imene yalembedwayo. Si cha banja lonse, ndipo simungabwereke mlamu wanu kuti apite nayo ku Limbe kukaoda katundu. Ku America malamulo aakulu a dziko lawo amati kukhala ndi mfuti ndi ufulu wa nzika. Kwathu kuno ndi chilolezo chimene boma limapereka, ndipo boma lomwelo lingathe kuchilanda. Wopezeka ndi mfuti yopanda mapepala ndende imamudikira, ngakhale sanawombere nayo ngakhale khwangwala. Ndipo chiphaso sichikupatsani mphamvu yowombera aliyense amene wakukwiyitsani. Mukawombera munthu, khoti lidzafunsa ngati moyo wanu unalidi pangozi, ndiponso ngati mphamvu imene munagwiritsa ntchito inali yolingana ndi ngoziyo. Wakuba nkhuku amene akuthawa, msana ataulozetsa kwa inu, sakuopseza moyo wa munthu aliyense.

Dera lathu lino mfuti limazidziwa kuyambira kale. Pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Mchese pali mpata umene ankadutsitsapo akapolo popita nawo kunyanja yamchere, ndipo n'chifukwa chake azungu anamangapo Fort Lister mu 1893. Malonda aja ankayenda ndi mfuti za gogodera. Mfumu yokhala ndi mfuti inkagwira anthu a mfumu yopanda mfuti, n'kuwasinthanitsa ndi onga ndi mfuti zina. Aliyense ankati akudziteteza, koma midzi inatha.

Zapafupi kwambiri ndi za nkhondo ya ku Mozambique, ya Frelimo ndi Renamo. Akuluakulu amene mukumvera mukukumbukira 1986, pamene tauni ya Milange, apo patsidya pa Muloza, inagwa m'manja mwa Renamo, anthu n'kuwoloka malire atasenza mitolo ndi ana. Onse pamodzi, anthu oposa miliyoni imodzi anathawira m'dziko muno. Nkhondoyo inatha ndi pangano limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma mfuti sizinabwerere kumene zinapangidwa. Zina zinakwiriridwa m'nkhalango, zina zinawoloka malire m'matumba a chimanga ndi makala. Kuno kwathunso, mu Disembala 1993, asilikali analanda zida a Payoniya pa ntchito ija inatchedwa Operation Bwezani, ndipo ena mwa iwo anathawira ku Mozambique. M'zaka zotsatira dzina lakuti AK-47 linayamba kumveka m'nkhani za umbava m'matauni ndi m'misewu yathu. Vutoli linakula m'chigawo chonse chino cha Africa, moti mu Ogasiti 2001 atsogoleri a mayiko a SADC atakumana mu mzinda wa Blantyre, anasainirana pangano lothana ndi kufalikira kwa mfuti ndi zipolopolo. Pangano limenelo linasainidwa pano pomwe, ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono kuchokera pa Chitakale.

Koma chimene ndimafuna mumve bwino pa mbiri ya anansi athuwa ndi chimene mpingo unachita. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, pamodzi ndi bungwe la mipingo yachikhristu ku Mozambique, anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu. Munthu ankabwera ndi mfuti imene anabisa kudenga kapena kumunda, osafunsidwa mafunso ambiri, n'kulandira khasu, makina osokera, njinga kapena malata. Mfutizo ankazidula pomwepo kuti zisadzalirenso. Zidutswa zake akatswiri osula anapanga nazo zinthu zokongoletsera, ndipo mpando wina wopangidwa ndi mfuti zoterezi uli ku British Museum mu mzinda wa London. Anthu amene anaona nkhondo ndi maso awo kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu, amene anaika m'manda abale awo osawerengeka, atafuna kuti mpingo ndi mfuti zikumane, anazikumanitsa motero. Ife amene nkhondoyo tinkangoimvera patali tisafulumire kuganiza kuti tikudziwa bwino kuposa iwo.

Tsono pali nkhani ziwiri zimene okonda mfuti amazitchula kawirikawiri, ndipo ndizinena mosabisa chifukwa zinachitikadi. Pa 25 Julayi 1993, ku Kenilworth mu mzinda wa Cape Town, anthu onyamula mfuti ndi mabomba analowa m'tchalitchi cha St James mapemphero a madzulo ali mkati. Anapha anthu 11. Mmodzi wa opemphera, Charl van Wyk, anali ndi kamfuti kakang'ono, ndipo anabwezera kuwombera, navulaza mmodzi wa achiwembuwo, iwo n'kuthawa. Ambiri amakhulupirira kuti akanapanda kutero, maliro akanachuluka. Yachiwiri ndi ya pa 29 Disembala 2019 ku White Settlement, m'chigawo cha Texas ku America. Munthu wina anatulutsa mfuti pakati pa mapemphero napha anthu awiri, ndipo bambo wina wachikulire dzina lake Jack Wilson anamuwombera m'masekondi owerengeka chabe. Anthu ambiri anapulumuka tsiku limenelo. Amene amati mfuti sinapulumutsepo munthu m'tchalitchi sakunena zoona.

Koma nkhani ya Jack Wilson tiziimva yonse. Iye sanali munthu amene anangodzuka m'mawa n'kubisa mfuti pansi pa malaya abusa ake osadziwa. Anali mtsogoleri wa gulu la achitetezo limene mpingowo unasankha wokha, ndiponso anali mphunzitsi wa kagwiritsidwe ntchito ka mfuti kwa zaka zambiri. Akulu a mpingo ankadziwa amene ali ndi chida, amene wakhala pati, ndi chimene adzachite zinthu zikavuta. Zimenezi n'zosiyana kutalitali ndi munthu amene wadzisankha yekha mumtima mwake kukhala mlonda wa anthu amene sanamupemphe.

Ndipo pali nkhani ina ya ku America komweko imene okonda mfuti sakonda kuitchula. Pa 17 Juni 2015, ku Charleston, mnyamata wachizungu analowa m'tchalitchi cha anthu akuda cha Emanuel pa nthawi yophunzira Baibulo. Anamulandira bwino, anamupatsa malo, anakhala nawo pafupifupi ola lathunthu. Kenako anatulutsa pisitolo imene anabisa m'kachikwama ka m'chiuno, napha anthu 9, kuphatikizapo m'busa wawo. Nayonso inali mfuti yobisika bwino, yonyamulidwa mwaulemu, yosaonekera. Apa ndiye pagona nkhani yonse, abale anga. Inu amene mwakhala pa benchi simungathe kusiyanitsa mfuti yobisika ya munthu wabwino ndi mfuti yobisika ya munthu woipa. Zonse ziwiri zili pansi pa jekete. Tsiku limene tidzazolowere kuti n'zabwinobwino munthu kulowa m'nyumba ya Mulungu ndi chida chobisa, tidzakhala tatsegulira khomo onse awiri.

Dziko la America lili ndi mfuti zambiri kuposa anthu ake. Bungwe la Small Arms Survey linawerengera kuti mu 2017 anthu wamba kumeneko anali ndi mfuti pafupifupi 393 miliyoni. M'dziko lotero munthu amalowa m'sitolo akudziwa kuti mwina ena mwa anthu amene ali momwemo ali ndi zida, ndiye nayenso amaona ngati alibe kuchitira mwina. Mankhwala amene iwo akumwa ndi a matenda awo. Kwa Chambe kuno sitinafike pamenepo, ndipo palibe chifukwa chothamangira kukafikapo.

Tiyeni tsopano tilowe m'tchalitchi chathu chenicheni, osati cha pa kanema. Ndi mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, malata akuthetheka pamwamba. Benchi yopangira anthu asanu mwakhala asanu ndi atatu, mapewa kukhudzana. Amayi a Mvano adzaza mbali yawo ndi zoyera zawo, ana akukwawa pansi pa mabenchi kufunafuna ndalama yachitsulo imene yagwa. Mwana wa mlongo wanu wabwera kudzakhala pamiyendo panu, monga amachitira sabata iliyonse, ndipo timanja take sitikhala chete, timafufuza m'matumba kufuna switi. Mukuimirira poimba, mukukhala, mukugwada, mukuwerama kuti mutole buku la nyimbo. Kwaya ikafika pokoma aliyense amavina, ndipo potuluka pamakhala kupatsana moni, kugwirana chanza, ena kukumbatirana. M'zonsezi, munthu amene ali ndi pisitolo m'chiuno maganizo ake ali pati? Sangavule jekete ngakhale thukuta likuyenderera. Chigongono chake chimakhala chikutchinga mbali imodzi. Mwana akamuyandikira amamukankhira kumbali ina. Akafuna kupita kuchimbudzi, ayambe waganiza poika chidacho. Ulaliki wonse maso ake ali pakhomo. Munthu ameneyu thupi lake lili m'mapemphero, koma mtima wake uli pa ulonda, ndipo ulonda wake palibe amene akuudziwa.

Nanga tsiku loipalo litafikadi? Kuwombera chitini chili pa chitsa n'kosavuta. Kuwombera munthu amene akuyenda, pakati pa anthu amene akukuwa ndi kuthamangira khomo limodzi, manja akunjenjemera, makutu atagontha ndi kulira kwa mfuti m'chipinda chotsekeka, ndi nkhani ina. Ngakhale apolisi ndi asilikali amene amaphunzitsidwa ntchitoyi amaphonya zikafika potero. Chipolopolo chikaphonya sichiima m'malere. Chimapitirira mpaka chitapeza choimitsa, ndipo m'tchalitchi chodzaza chimene chingachiimitse ndi thupi la munthu. Chingathe kuboola amene mumamufunayo n'kukalowa mwa amene ali kumbuyo kwake. Ndiponso apolisi akafika n'kupeza anthu awiri atagwira mfuti, adziwa bwanji kuti wolakwa ndi uti? Kuti munthu akhale wokonzeka pa zinthu zotere amafunika kuyeserera kawirikawiri, kuwononga zipolopolo zambiri pamalo ovomerezeka. Tinene chilungamo, ndi angati mwa amalonda athu amene angakwanitse zimenezo? Ambiri angagule chida, n'kuwombera kamodzi kapena kawiri, basi n'kumadziyesa okonzeka.

Chinanso, ngozi imene imafika m'mipingo yathu nthawi zambiri sichokera kunja. Imabadwira m'kati momwemo. Tonse tamvapo za mipingo imene inagawanika chifukwa cha ndalama za chitukuko, chifukwa cha kusamutsidwa kwa abusa, kapena chifukwa cha mpando. Tamvapo za makomo a tchalitchi okhomedwa maloko awiri, gulu lililonse ndi loko wake, akulu ampingo atagwirana m'makolala mpaka kuitana apolisi. Mikangano yotere kwathu kuno imathera pa kutukwanizana, malaya ong'ambika, mwina dzino limodzi, kenako akuluakulu amakhala pansi n'kuyanjanitsa anthu. Ku South Africa, kumene mfuti zili mbwee, mkangano wa utsogoleri mu mpingo wa International Pentecostal Holiness Church unafika pakuti mu Julayi 2020 anthu asanu anaphedwa pa likulu lawo ku Zuurbekom, kufupi ndi Johannesburg. Mkwiyo wa munthu ndi womwewo kulikonse. Chimene chimasiyana ndi chimene dzanja lake lapeza pa mphindi imene wakwiyayo.

Ife a ku Mulanje tili ndi chifukwa china chapadera choopera chida chobisika, ndipo ndichinena ngakhale chimawawa. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera za anamapopa zinagwira boma lino ndi Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, misewu inatsekedwa ndi miyala ndi mitengo, galimoto zinkaimitsidwa n'kusechedwa. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, popanda umboni uliwonse woti anapopa magazi a munthu. Ogwira ntchito za chithandizo anachotsedwa m'dera lino kwa kanthawi, alendo okwera phiri anasiya kubwera, ndipo anyamata onyamula katundu pa Likhubula anakhala manja lende. Amene anachita zimenezi sanali zigawenga zochokera kutali. Anali anthu wamba amene mantha anawazinga, ndipo aliyense wa iwo ankakhulupirira kuti akuteteza banja lake. Anali ndi miyala, zibonga ndi zikwanje. Tangoganizani usiku umodzi wa nyengo imeneyo, pa umodzi wa misewu yotsekedwa ija, atakhala kuti anthu atatu kapena anayi anali ndi mapisitolo m'chiuno. Ganiziraninso za mlendo wosalakwa amene akanasechedwa n'kupezeka ndi mfuti yobisa, ngakhale ya mapepala. Kodi akanapatsidwa mpata wotulutsa chiphaso chake?

Ndi nkhani yomweyi imene imandichititsa kukayikira mawu akuti "ine ndimadzidziwa, sindingalakwitse". Aliyense amadzidziwa pamene mtima uli m'malo. Koma mfuti siinyamulidwa pa tsiku labwino lokha. Imakhala m'chiuno tsiku limene mwapeza uthenga wokayikitsa pa foni ya akazi anu. Imakhalapo pamene wangongole wakunyozani pagulu, pamene mwadutsira pa bala pochokera kumaliro, pamene kondakitala wakana kukubwezerani chenje. Ndipo madzulo imapita kunyumba, kumene kuli ana amene amadziwa pobisika paliponse, kuposa mmene makolo amaganizira. Ku America, imfa zoposa theka za mfuti chaka ndi chaka si za achifwamba, koma za anthu odzipha okha. Kwathu kuno apolisi akhala akudandaula kuti anthu odzipha akuchuluka, ambiri mwa iwo amuna, chifukwa cha ngongole ndi mavuto a m'banja. Munthu amene maganizo amenewa amufikira usiku angathe kupulumuka ngati papita nthawi, ngati wina wagogoda pakhomo, ngati kwacha. Mfuti sipereka nthawi imeneyo.

Palinso ichi, chimene amalonda ayenera kuchiganizira mofatsa. Kumudzi kulibe chinsinsi chokhalitsa. Wochapa zovala aona kachikwama kake, mwana akauza anzake kusukulu, mnzanu wa pa bala akasimba mukangotembenuka. Posakhalitsa zimveka kuti uje ali ndi mfuti. Kwa achifwamba, mfuti ndi katundu wamtengo wapatali kuposa ndalama za m'kabati, chifukwa ndi chida chogwirira ntchito yawo. Mfuti zambiri zimene zimazunza anthu ku South Africa zinayamba zili za mapepala, kenako zinabedwa kapena kutayika. Ndiye nyumba imene imadziwika kuti muli mfuti imakopa anthu oopsa kwambiri, ndipo amabwera atakonzeka kuwombera poyamba.

Mwina wina anena kuti, nanga John Chilembwe sanali m'busa, nanga sanagwire mfuti? Anali m'busa ndithu, ndipo mu Januwale 1915 anthu ake anapita mpaka ku sitolo ya Mandala ku Blantyre kukafuna zida. Koma ija inali nkhondo yolimbana ndi thangata ndi ulamuliro wa atsamunda, ndipo mtengo wake unali waukulu: iye anawomberedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho akulowera cha kuno kumalire, ndipo tchalitchi chake cha ku Mbombwe chinagwetsedwa. Timamulemekeza chifukwa cha chimene anafera. Dzina lake lisagwiritsidwe ntchito pofuna kulungamitsa munthu amene akungofuna kudzimva wamphamvu pa benchi ya kutsogolo.

Ndiye amene ali ndi mantha enieni achite chiyani? Funso limeneli ndi lofunika kuliyankha, apo ayi tangolankhula zopanda pake. Za msungichuma wa mpingo zili ndi njira yake. Chopereka chiwerengedwe ndi anthu angapo, chilembedwe, ndipo chisagone m'nyumba ya munthu mmodzi yemweyo sabata ndi sabata. Masiku ano ndalama zingathe kulowa mu foni tsiku lomwelo, ndipo mipingo yambiri yayamba kale kulandira zopereka mwa njira imeneyi. Pa tsiku la chopereka chachikulu palibe cholakwika kupempha apolisi kuti akhalepo, atavala yunifolomu yawo, aliyense akuwaona. Pakhomo pa tchalitchi pazikhala akulu awiri kapena atatu amene amadziwa nkhope za anthu, olandira mlendo ndi ulemu komanso kumufunsa kumene wachokera, monga timachitira kale. Makomo onse azitseguka nthawi ya mapemphero, osati limodzi lokha pamene enawo akhomedwa ndi misomali. Kwa amalonda, kuyenda awiriawiri, kusintha nthawi ndi njira, kusasunga ndalama zambiri pamalo amodzi, ndi kulimbikitsa komiti ya chitetezo cha m'mudzi kuti ikhale ndi matochi ndi mawezulo, zonsezi zimaoneka zazing'ono koma n'zimene zathamangitsa mbava zambiri m'midzi yathu. Wezulo ikalira usiku, mudzi wonse umadzuka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chitetezo cha kwathu chakhala chikuyenda choncho, pa kudziwana.

Kudziwana kumeneku ndi kumene mfuti yobisa imaphwanya. Munthu amene wakhala pambali panu m'tchalitchi ali ndi ufulu wodziwa ngati mwana wake akusewera pafupi ndi chida chodzaza zipolopolo. Mukamubisira, mwamusankhira nokha ngozi imene iye sanavomere. N'chifukwa chake kwa inu ochepa amene muli ndi mfuti ya chiphaso, pempho langa ndi lolunjika. Isiyeni kunyumba, yotsekeredwa m'bokosi lachitsulo, zipolopolo zili pena, makiyi ali ndi inu nokha. Ngati pali chifukwa chachikulu chimene mukuona kuti simungasiyane nayo, mwina munaopsezedwa, pitani kwa abusa, kwa ansembe kapena kwa a shehe musanalowe nayo, mukawauze maso ndi maso. Iwo pamodzi ndi akulu a mpingo ndi amene ali ndi udindo pa nyumba imeneyo. Akakana, mverani. Ndipo inu atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, musadikire kuti chichitike kanthu. Ikani nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana za seshoni kapena khonsolo ikubwerayi, mugwirizane chimodzi, muchilengeze poyera kuti wapolisi amene ali pa tchuthi, msilikali wopuma ntchito ndi wamalonda onse adziwe pamene mpingo waima.

Mawu otsiriza apite kwa inu amene mukusunga mfuti yopanda mapepala. Mwina si inu munaigula. Mwina anasiya ndi malemu amalume anu amene ankapitapita kutsidya nthawi ya nkhondo, ndipo yakhala kudenga itakulungidwa m'chiguduli zaka zonsezi. Mwina munaipeza polima. Musaiyese ngati ikugwirabe ntchito, chifukwa chida chadzimbiri chimaphulikira mwini wake, ndipo musaikweze pa kabaza kupita nayo ku boma nokha, mungakumane ndi chipata cha apolisi panjira nkhani n'kusanduka ina. Pitani kwa a mfumu kapena kwa mtsogoleri wa mpingo amene mumamukhulupirira, mukafotokoze, ndipo iwo akuperekezeni kukadziwitsa apolisi kuti abwere adzaitenge okha pamene ilipo.